Kodi mano angasonyeze ngati mtembo ndi wa mwamuna kapena wa mkazi?

NaPhiri_Mayfair:
Abale a kuno ku Joni ndithandizeni. Timakambirana za moto uja wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu 2023 umene unapha anthu 76 kuphatikizapo aMalawi anzathu, ndiye wina akuti matupi opserera madokotala amangoyeza mano basi n'kudziwa kuti uyu mwamuna uyu mkazi. Zoona zimenezi? Ine mano anga ndi aakulu kuposa a bambo akunyumba, ndiye angadzandilembe kuti ndine mwamuna?

Mjomba_wa_Mangochi:
Kkkk achemwali mwandiseketsa pa nkhani yachisoni. Ine ndimadziwa kuti mano sapsa msanga, zinazo ayankhe ophunzira.

Mphwanu_wa_Braam:
Amayi, n'zoona koma pang'ono. Amayeza m'lifupi mwa dzino ndi kachipangizo kotchedwa caliper, makamaka mano osongoka aja a m'munsi oyandikana ndi akutsogolo, amenewo ndi omwe amasiyana kwambiri, a abambo amakulirapo. Koma kusiyanako ndi kochepetsetsa, kawirikawiri sikufika ndi milimita imodzi yomwe, ndiye azimayi a mano akuluakulu ngati inuyo alipo ambiri ndipo dokotala wanzeru sangadalire mano okha ayi. Amayamba ndi mafupa a m'chiuno chifukwa a mkazi amakhala otambasuka, kenako chigaza. Mano amathandiza mafupa enawo akaphwanyika, kapena akakhala mwana amene chiuno chake sichinayambe kusintha.
Vuto lina miyezo ya ku India kapena ku Ulaya siigwira bwino pa ife, n'chifukwa chake ku yunivesite ya Wits kuno amafufuza pa mafupa a anthu omwe amasunga, otchedwa Raymond Dart Collection, kuti apeze miyezo ya anthu a kuno. Chodalirika ndi DNA ya m'kati mwa dzino, muli jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa amelogenin, ya pa X ndi ya pa Y zimasiyana (mkazi amakhala ndi X awiri, mwamuna X ndi Y), ndiye pamenepo mkangano umachepa.

Gogo_Turffontein:
Adzukulu, kudziwa kuti ndi mkazi sikudziwa kuti ndi ndani. Anzathu kuno ali ndi mafayilo kwa dokotala wa mano, ife ambiri tinangozulitsa dzino kumudzi popanda cholemba chilichonse. Ndiye pamafunika m'bale weniweni wa magazi apereke DNA, pomwe mayi ake ali ku Mzimba alibe ndi pasipoti yomwe.

NaPhiri_Mayfair:
Zikomo achimwene, mtima wakhala pansi. Agogo nanga zithunzi za pa WhatsApp munthu akuseka, mpata wa pakati pa mano kapena dzino lagolide likuoneka, amalandira zimenezo?

Mphwanu_wa_Braam:
Zimathandiza ndithu, pitani nazo zooneka bwino. Bola mano akutsogolowo akhale atapulumuka, chifukwa pamoto ndi omwe amayamba kusweka, a kumasaya amatetezeka ndi mnofu.