Ampu ya mavalavu ikulira, ndipo EL84 imodzi ikufiira

Wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinapanga ndekha ampu (chokuzira mawu) ya mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu, ya 12AX7 imodzi ndi ma EL84 awiri, ndipo yakhala ikuyimba bwino. Masiku ano ikangotentha imayamba kulira kuti huuu ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo mumdima ndikuona puleti (kachitsulo ka m'kati mwa valavu) ya EL84 imodzi itafiira ngati khala la moto. Kodi ndigule valavu ina, kapena vuto lili pena?

Wokonza mawailesi, Kasungu boma:
Bambo, musaisiyenso ikuyaka nthawi yaitali. Puleti ya EL84 imapirira mawati 12 okha, ndipo ikafiira ndiye kuti magetsi akudutsamo mopyola muyeso, zomwe zingawotchenso thiransifoma ya sipika, chipangizo chovuta kuchipeza kuno kwathu. Musanagule kanthu, sinthanitsani ma EL84 awiriwo. Kufiira kukatsatira valavuyo, ndiye kuti yatha. Kukatsalira pa soketi yomweyo, ine ndingakayikire kapasita yolumikiza 12AX7 ndi giridi (kawaya kowongolera magetsi odutsa mu valavu) ya EL84, chifukwa ikayamba kudontha imalowetsa magetsi pa giridi. Ngati bayasi yanu (yomwe imaika muyeso wa magetsi odutsa mu valavu) ndi ya rezisita ya pa kathodi (mbali ya valavu yotenthetsedwa), mita iyenera kuonetsa mavoti pafupifupi 0 pa pini 2 ya EL84, yomwe ndi ya giridi. Kulirako mwina n'kwa vuto lomweli, popeza mavalavu awiri akasiyana mphamvu saletsananso phokoso lochokera ku magetsi.

Mphunzitsi, Mtunthama:
Ndikugwirizana ndi amisiriwa, koma chonde, achimwene, samalani moyo. Makapasita aakulu amasunga mavoti pafupifupi 300 ngakhale mwachotsa pulagi kukhoma. Atsitseni kudzera pa rezisita, osati pogunditsa sikuludiraiva, ndipo mutsimikize ndi mita musanalowetse dzanja. Poyeza ikuyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba. Musaiyatsenso popanda sipika, pakuti zimenezo zingaboole chokutira waya wa m'thiransifoma ya sipika.

Wa ku Nkhamenya:
Kufiira kukatha koma kulira kulipobe, mvetserani mamvekedwe ake. Magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), choncho kulira kwa pansi kwambiri nthawi zambiri kumachokera ku mawaya a filamenti (yotenthetsa valavu) a mavoti 6.3, omwe ayenera kupotedwa pamodzi n'kudutsa kutali ndi giridi ya 12AX7. Kulira kokwererapo, kwa 100 Hz, kumaloza makapasita osefa magetsi omwe auma. Kodi mumaiyatsa ndi inivetala ya sola? Zotsika mtengo zambiri zimabweretsa phokoso lawolawo.

Wa ku Santhe:
Zikomo kwambiri nonse. Ayi, sindigwiritsa inivetala. Ndasinthanitsa mavalavu ndipo kufiira kwatsalira pa soketi yomweyo, pa pini 2 pakuoneka magetsi. Mawa ndipita kuboma kukafuna kapasita ya mavoti 630.