Bwana akuti ndiwakane mayi a vocha ya Section 8, ndichite bwanji?

Nangozo (Kent, Washington):
Akuluakulu a m'gulu muno, makamaka inu amene mumayang'anira nyumba za lendi, ndithandizeni nzeru usiku uno chifukwa mawa ndikuyenera kuyankha. Ndimayang'anira nyumba zisanu ndi zitatu za mkulu wina kuno. Imodzi ya zipinda zogona ziwiri yakhala yopanda munthu milungu itatu, lendi yake ndi $1,800 pamwezi. Kwabwera mayi wina wa ana awiri, amagwira maganyu osamalira okalamba, amapeza pafupifupi $1,500 pamwezi, ndipo ali ndi vocha ya Section 8, thandizo la boma la America lolipirira anthu opeza zochepa gawo la lendi. Landilodi wawo wakale ndamuimbira, akuti sanavutepo pa lendi ndipo nyumba anaisiya yaukhondo. Koma bwana atangomva za vocha akuti ayi. Akuti ndisatchule vochayo, ndingowauza kuti lamulo lathu ndi lakuti munthu azipeza katatu ka lendi, ndiye kuti $5,400, iwo sakufikapo. Mtima wanga sukundilola, komanso ntchitoyi ndikuifuna. Kodi njira imeneyi ndi yololedwa?

A Mwale (Tacoma, Washington):
Achemwali, musatumize kalata yowakana mayiwo. Kuno ku Washington lamulo lilipo kuyambira 2018, ndi RCW 59.18.255, limaletsa kukana munthu chifukwa cha kumene kukuchokera ndalama zake za lendi. Ndipo amene analilemba anaudziwa kale msampha umene bwana wanuyo akufuna kutchera. Limanena kuti ngati muli ndi muyezo wa ndalama zimene munthu ayenera kupeza, muyambe mwachotsa pa lendiyo gawo limene vocha ikulipira, kenako muwerengere pa chotsalacho. Wa vocha amalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zake, ndiye mayiwo gawo lawo lizungulira pa $450. Katatu ka $450 ndi $1,350. Iwo akupeza $1,500. Adutsa pamuyezo wanu womwewo.

Muwauzenso bwanawo za chilango. Khothi likhoza kuwalipiritsa mpaka kanayi ndi theka ka lendi ya pamwezi, pa nyumba yanuyo ndi $8,100, kuwonjezera ndalama za loya wa wodandaula. Ndipo siginecha ya pa kalatayo ikhala ya ndani? Yanu. Onaninso malonda anu a pa intaneti, ngati pali mawu akuti simulandira Section 8 afufuteni lero lomwe, nawonso ndi mlandu.

Bambo Chisale (South Bend, Indiana):
Ine za lamulo la kwanuko sinditsutsa, a Mwale akulidziwa. Koma ndilankhuleko ngati landilodi, poti mwana wanga Nangozo ayenera kumvetsa chimene bwana wake akuopa. Ndili ndi tinyumba titatu, ngongole ya ku banki siidikira. Ndinalandirapo wa vocha kamodzi. Munthuyo analibe vuto, vuto linali mapepala. Kuchokera tsiku limene tinapereka fomu kufika tsiku limene woyendera nyumba wa ofesi ya mavocha anabwera panadutsa milungu inayi, anapeza penti ikusupuka pawindo, anatibweza, tinadikiranso. Nthawi yonseyo nyumba ili gwaa, palibe cholowa m'thumba. Wa kampani ya nyumba 500 zimenezi sazimva kuwawa. Ine ndinazimva.

Boma la dziko lonse silinakakamizepo munthu kulowa mu pulogalamuyi, ndipo Fair Housing Act ya 1968, lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba, siitchula za kumene ndalama zikuchokera. Kuno ku Indiana mu 2015 anakhazikitsa lamulo loletsa mizinda kukakamiza malandilodi kulandira mavocha, ku Texas anachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Ine ndimaona kuti anakhoza. Kundiuza kuti usasale munthu ndi nkhani ina, kundiuza kuti saina mgwirizano ndi ofesi ya boma, ufune usafune, ndi nkhani inanso.

Nabanda (Silver Spring, Maryland):
Bambo Chisale, mwaulemu wonse, ine ndimakhala mbali inayo ya tebulo, ntchito yanga ndi kuthandiza a mavocha kupeza nyumba. Munthu amakhala pamzere zaka akudikira vocha, mizinda ina mzerewo amachita kuutseka. Ikatuluka amamupatsa nthawi yoti apeze nyumba, lamulo limati isachepere masiku 60, akhoza kuwonjezera koma si mpaka kalekale. Akalephera vocha imabwerera. Ndaonapo mayi akuimba foni nyumba makumi atatu, onse kumuuza kuti yatengedwa atangotchula vocha. Zimandikumbutsa makuponi a fetereza kumudzi, pepala uli nalo m'manja koma pa depoti akuti katundu watha. Kuponi imene wogulitsa aliyense akhoza kuikana ndi ya ntchito yanji?

Ndipo ikakhala nkhani yoti wofuna alandire, olandira amakhala a m'madera amene nyumba zake sizikuyenda malonda. Mapeto ake onse a mavocha amaunjikana malo amodzi, kumene sukulu zake ndi zofooka, pomwe cholinga cha vocha chinali chakuti banja lisankhe lokha kokhala. Kuno ku Maryland HOME Act, lamulo loletsa kukana munthu chifukwa cha vocha, inayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo Montgomery County inali ndi lamulo lake zaka zambiri m'mbuyomo. Malandilodi sanathawe, nyumba akubwereketsabe.

Bambo Chisale (South Bend, Indiana):
Mayi Nabanda, ndakumvani, ndipo za makuponizo mwandilasa. Koma taonani ku Virginia, oyandikana nanuwo. Lamulo lawo la 2020 silikhudza munthu amene ali ndi nyumba zinayi kapena zochepera. Anaona kuti wamng'ono ndi wamkulu sangasenze mtolo umodzi. Akanati boma likakukakamiza lizibwera msanga kudzayendera ndipo likachedwa lilipire masikuwo, ine sindikanatsegula pakamwa.

A Mwale (Tacoma, Washington):
Akulu, chimene mukupemphacho kuno anachiika, mwina si chonse koma chilipo, ndipo ndi chimene achemwali akanyengerere nacho bwana wawo. Pali thumba la Landlord Mitigation Program pansi pa Department of Commerce ya boma la Washington. Ngati woyendera walamula zokonza kuti nyumba idutse, landilodi amalipira $500 yoyamba, thumbalo limabweza mpaka $1,000 ya pamwamba pake. Limabwezanso lendi ya masiku mpaka 14 amene atayika chifukwa chodikira kuyendera ndi kukonza. Tenanti akadzaononga nyumba kapena kusiya ngongole ya lendi, mukhoza kupempha mpaka $5,000. Tenanti wamba akakuonongerani nyumba ndani amakubwezerani? Mumangotsala ndi dipoziti basi.

Tsono kuti zisachedwe, achemwali, chitani izi. Fomu ya Request for Tenancy Approval, yopempha ofesi ya mavocha kuti ivomereze nyumbayo, mayiwo ali nayo, dzazani mbali yanu tsiku lomwelo pamodzi ndi fomu ya msonkho ya W-9 ya bwana ndi akaunti yolandirira ndalama. Pomwe mukudikira woyendera, lowani m'nyumbamo nokha ndi maso a woyendera. Ma alamu a utsi ndi a carbon monoxide alire onse. Mawindo apansi akhale ndi loko. Masoketi a pafupi ndi madzi, kukhitchini ndi kubafa, ayeseni. Pa thanki yotenthetsera madzi pakhale kapaipi kotsitsa madzi kuchokera pa valavu yotulutsa madzi presha ikakwera, kameneka kamagwetsa anthu ambiri mayeso pomwe mtengo wake ndi wochepa. Masitepe akhale ndi chogwirira. Ngati nyumbayo inamangidwa chisanafike chaka cha 1978 ndipo pali mwana wosakwana zaka 6, penti yosupuka saiseka nayo chifukwa cha mtovu, konzeranitu.

Nangozo (Kent, Washington):
Nyumbayo ndi ya 1985 ndiye za penti ndapuma. Koma funso lina. Bwana anena kuti a housing authority, ofesi yoyendetsa mavochayi, akadzati $1,800 yakwera, ndiye kuti tikakamizidwa kutsitsa? Ndiponso mayiwo anandinong'oneza kuti ngati ofesi ivomereza yochepa, iwo atha kumawonjezera pambali mwakachetechete. Ndinangoseka, sindinayankhe.

Nabanda (Silver Spring, Maryland):
Ayi ndithu achemwali, za pambalizo muzikane poyera, ndipo muwachenjeze mayiwo. Ndalama iliyonse ya lendi yoposa imene yalembedwa mu mgwirizano wa HAP, umene landilodi amasaina ndi ofesiyo, ndi chinyengo, mayiwo akhoza kulandidwa vocha, bwana wanu kubwezetsedwa ndalama ndi kuchotsedwa mu pulogalamu. Anthu athu ambiri amaganiza kuti ndi ngati kwathu kumene landilodi ndi tenanti amangomvana pakhonde.

Za mtengo zili pawiri. Ofesi imayerekeza lendi yanu ndi ya nyumba zofanana nayo m'dera lomwelo kuti ione ngati ili yoyenera. Palinso muyezo wa ndalama zimene vocha ingafike, ndipo polowa koyamba banja sililoledwa kulipira zoposa 40 peresenti ya ndalama zake. Lamulo loletsa tsankho silikuti mutsitse lendi. Ngati mumauza aliyense $1,800 ndipo ofesi yakana, nkhani yathera pomwepo popanda mlandu. Chimene simungachite ndi kukweza mtengo chifukwa mwaona vocha. Ngati nyumba zina za bwanayo zofanana nayo zikupita pa mtengo womwewo, tumizani umboniwo limodzi ndi fomu.

Chinanso chimene malandilodi sadziwa: ofesi siimufufuza munthu khalidwe m'malo mwanu. Kufunsa landilodi wakale, kuona mbiri ya ngongole, zonsezo ndi zanu, bola muyezo ukhale umodzi kwa aliyense. Dipoziti amalipira ndi tenanti. Akaphwanya mgwirizano mumamutulutsa kudzera kukhothi ngati wina aliyense, kungoti ofesi mumaipatsa kope la chidziwitsocho.

Bambo Chisale (South Bend, Indiana):
Chimodzi chokha ndiwonjezere, chimene ndinachiphunzira ndi misozi. Makiyi musapereke nyumba isanadutse mayeso, ngakhale mayiwo alire bwanji. Ofesi siilipira masiku a m'mbuyo nyumba isanavomerezedwe. Ine ndinachita chifundo, ndinataya theka la mwezi. Koma ndivomere, ndalama zitayamba kulowa sizinaphonyepo, ngakhale nthawi ya Covid pamene matenanti anga ena awiri anaima ntchito. Pa za kukakamiza maganizo anga sanasinthe, koma mwana wanga iwe uli ku Washington, tsata za ku Washington.

Nangozo (Kent, Washington):
Ndabwera ndi lipoti. Sindinakangane nawo bwana, ndinangowalembera imelo yaifupi, $8,100 mbali ino, masiku 14 ndi $5,000 mbali inayo, ndi nambala ya lamulo ija kuti afunse loya wawo. Anandiimbira masana, mawu ali pansi, akuti pitirizani koma mapepala onse ndi anu. Fomu tapereka dzulo. Ndinapita kukayendera ndekha monga munanenera a Mwale, ndipo kapaipi ka pa thanki kaja kalibedi, alamu ya m'chipinda cha ana batire inatha. Pulambala abwera Lachinayi.

A Mwale (Tacoma, Washington):
Mwachita bwino. Tsiku lolowa musaiwale pepala lofotokoza mmene nyumba ilili, chipinda ndi chipinda, musaine nonse awiri ndipo mujambule zithunzi. Popanda pepala limenelo kuno simuloledwa n'komwe kutenga dipoziti, ndipo a thumba lija adzalifuna mukadzapita kukapempha. Woyendera akakupatsani tsiku mutiuze, ngati ndili pa off ndidzadutsa dzulo lake tidzaonere limodzi masoketi.