Ndithandizeni za mwala wa Shaligram womwe eni nyumba anasiya

Moni nonse abale ndi alongo, makamaka inu achihindu amene muli muno.

Ndimayang'anira nyumba ya banja lina lachimwenye ku Limbe. Agogo a m'nyumbamo anapita ku Leicester, ku England, kukaonana ndi madokotala, ndipo m'chipinda chawo chopempherera anasiya mwala wakuda, waukulu ngati dzira la nkhuku, wa mizere yozungulira ngati chigoba cha nkhono. Amautcha Shaligram. Anandiuzapo kuti miyala imeneyi imachokera mumtsinje wa Kali Gandaki ku Nepal, ndipo kwa iwo ndi mulungu wawo Vishnu mwini wake. M'mawa uliwonse ankausambitsa n'kuikapo masamba a tulsi, chomera chopatulika kwa iwo.

Tsopano papita milungu itatu usanasambitsidwe, ndipo denga layamba kudontha pamwamba pake penipeni.

Foni ndaimba kangapo, sakupezeka. Uthenga wa pa WhatsApp sanauwerenge. Kukachisi ndinapitako Lachiwiri koma ndinapeza potseka. Ine ndine Mkhristu, sindikufuna kulakwira chipembedzo cha eni ake.

Kodi munthu amene si Mhindu angaugwire n'kuusuntha? Kapena ndinyamule katebulo konse kamene mwalawo wakhalapo, osaukhudza? Nanga zosambitsazo ndidikire mpaka agogo abwere?