Za funso langa lija la VIDIOC_DBG_G_CHIP_IDENT

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene pulogalamu yanga yakale yowerengera ma register (timalo ta mu chip tosunga manambala oiyendetsera) a khadi yojambulira vidiyo inasiyira kugwira ntchito nditaika kernel (phata la sisitimu) yatsopano ya Linux. Inkangobweza ENOTTY basi, uthenga wakuti lamulo limene yatumiza silikudziwika. Ndinkaganiza kuti khadiyo yapsa, koma ayi, ili bwinobwino.

Vuto linali ioctl (lamulo limene pulogalamu imatumiza kwa driver kudzera mu kernel) imene ndinkagwiritsa ntchito. VIDIOC_DBG_G_CHIP_IDENT inachotsedwa mu V4L2 (gawo la Linux loona za zipangizo za vidiyo) pa kernel 3.11, ndipo m'malo mwake muli VIDIOC_DBG_G_CHIP_INFO, yomwe inalowa pa 3.10. Ioctl yakale ija inkapereka nambala, ndiye munthu unkapita kukafufuza pa mndandanda wa mu v4l2-chip-ident.h kuti udziwe chip yake. Driver iliyonse yatsopano inkafunika nambala yake pamenepo, ntchito yotopetsa kwabasi. Yatsopanoyi imangokupatsa dzina la chip, komanso imakuuza ngati ma register ake ungawawerenge kapena kuwalemba. Kunena zoona, njirayi ndi yabwino, ngakhale yandidyera masiku awiri.

Posankha chip, ndasiya kugwiritsa ntchito adiresi ya I2C (njira yolumikizira ma chip pa khadi). Tsopano ndimaika V4L2_CHIP_MATCH_SUBDEV, yomwe imasankha chip potengera nambala yake pa mndandanda wa ma chip a pa khadi, n'kumawerenga kuyambira pa 0 mpaka ioctl ibweze EINVAL, kusonyeza kuti ma chip atha.

Amene munandikumbutsa za CONFIG_VIDEO_ADV_DEBUG (chosankha cha pomanga kernel chimene ioctl yatsopanoyi imafuna), zikomo kwambiri, munalondola: kernel yanga inamangidwa popanda imeneyo, moti ndinaimanganso. Kuwerenga ma register kumafunabe root (mphamvu za woyang'anira kompyuta). Ndayesanso ndi pulogalamu ya v4l2-dbg ya mu phukusi la v4l-utils, ndipo manambala akufanana ndi amene pulogalamu yanga ikutulutsa.