Ulusi wa thonje ukungonditherera m'manja, ndithandizeni

Akuluakulu, ndili kuno ku Chikwawa. Chaka chino ndasunga thumba limodzi la thonje loyera bwino, osagulitsa, kuti ndiyese kupota ulusi ngati mmene Amang'anja ankachitira poomba nsalu zija za machila. Koma zandivuta.

Kuchotsa njere ndi zala kokhako kumandithera tsiku, ndipo thonje lotsala ndi lochepa, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, poti njere ndi zimene zimalemera. Ndikayamba kupota pa kamtengo, ulusi umaduka usanafike ndi mkono womwe. Tiulusi ta thonje ndi tatifupi kwambiri, ena amati masentimita 2 kapena 3 basi. Kodi vuto ndi loti sindikupota mothina, kapena ndiyambe ndalimenya kaye kuti lifewe? Agogo anga ankatchula kauta komenyera thonje, ine osalabadira, chibwana.

China ndi ichi: kaulusi komwe ndinapota ndinakaviika mu utoto, madzi n'kumangoyenderera pamwamba ngati pa tsamba la koko. Ndamva kuti thonje laliwisi limakhala ndi phula, ndiye pamafunika kuliwiritsa. Ndi chidulo kapena soda? Kwa nthawi yaitali bwanji?

Amene munaonako agogo anu akupota, chonde ndiuzeniko.