Anyamata anga amadziwa ntchito koma alibe pepala

Mmisiri wa ku Garden:
Abale, kuno ku Lusaka ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Anyamata awiri amene ndawaphunzitsa ali ndi manja abwino, msoko wawo sufunanso kupala. Koma akapita kukafunsira ntchito kumafakitale amabwezedwa chifukwa alibe pepala la sukulu ya luso. Zimandiwawa. Kodi kulowa bungwe la amalonda kungathandize, kapena zimenezo n'za makampani akuluakulu okha?

Mayi wosoka ku Kamwala:
Bambo, yambani ndi trade test (mayeso a luso) ya TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, amayesa ngakhale munthu wophunzirira pa ntchito. Koma bungwe lowaninso. Ife osoka titagwirizana, koleji inavomera kutumiza ophunzira kudzayeserera pa mashini athu. Ndikanapita ndekha akanangondiuza kuti ndibwere mawa.

Wowerengera ndalama:
Kuyambira 2017 olemba ntchito amapereka msonkho wa Skills Development Levy kudzera ku ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, 0.5 peresenti ya malipiro a antchito. Ndalamazo n'zophunzitsira luso. Amisiri akumakomboni akapanda kugwirizana, ndani adzawalankhulire zikamagawidwa?

Mphunzitsi wa ku Matero:
Funsaninso ku komiti ya wodi yanu, thumba la boma la chitukuko cha m'madera la CDF limalipirira achinyamata maphunziro a luso.

Mmisiri wa ku Garden:
Zikomo mayi, zikomo nonse. Loweruka ndikumana ndi anzanga owotcherera tikambirane zoyambitsa bungwe lathu.