Mabuku a ana pa holide ya Disembala

Amayi aang'ono (Joni): Mwaswera bwanji nonse? Tikiti ndadula, ndikwera basi pa 18 Disembala. Paja tinapangana kuti chaka chino ana tiwagulire mabuku m'malo mwa zovala. Mtsikana wa achimwene wandilembera kuti akufuna The Hunger Games. Alipo analiwerengapo? Ndisagule chosachidziwa.

Malume: Wandivutitsa nalo kuyambira ali Fomu 2. Koma ndamva kuti muli ana ophana.

Ine: Zoona malume, zilimo. Ndinaliwerenga ndili ku koleji. Analemba ndi Suzanne Collins, linatuluka mu 2008. Ndi nkhani ya dziko longopeka lotchedwa Panem, la zigawo 12. Chaka chilichonse chigawo chilichonse chimapereka mnyamata ndi mtsikana a zaka 12 mpaka 18, osankhidwa mwa maere. Ana 24 amenewa amakamenyana anthu akuonera pa TV mpaka atatsala mmodzi. Katniss, wa zaka 16, amadzipereka yekha maere atagwera mng'ono wake Prim.

Amayi: Mayo ine! Ndiye mwana timugulire zimenezo?

Ine: Ndimalize kaye amayi. Chimene chinandikhudza ine si kumenyanako. Kumeneko mwana wa banja losauka amatha kulembetsa dzina lake kangapo m'maere kuti apatsidwe kachakudya ndi mafuta. Ndiye wanjala ndi amene dzina lake limachuluka, mwana wa opeza bwino lake limalowa kochepa. Nditafika pamenepo ndinatseka buku, ndikukumbuka zimene mumatisimbira za njala ya 2002, atsikana a kwathu kusiya sukulu chifukwa cha mbale ya gaga. Palinso pamene Katniss ali ndi zaka 11, bambo ake atafera mumgodi wa malasha, wakhala pamvula mphamvu zitamuthera, mwana wa wophika buledi n'kumuponyera buledi wopserera. Zimenezo mlembiyu anazilemba bwino kwambiri.

Amayi: Gaga ameneyo kumupeza kwake kunali kovuta, mwana wanga. Tinkagona pachigayo.

Amayi aang'ono (Joni): Ndiye ukuti ndi labwino?

Ine: Theka lake. Pakatipo linanditopetsa. Masamba ambiri angothera pa madiresi ndi chikondi chonamizira pamaso pa makamera, ena Katniss akusinkhasinkha za anyamata awiri, Peeta, mwana wa wophika buledi uja, ndi mnzake wa kwawo Gale. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti kamtsikana ka zaka 12, Rue, kakafa timalira nako, Katniss akukaimbira n'kukaphimba ndi maluwa, pamene ana ena ambiri akufa opanda ndi dzina lomwe. Buku likudzudzula anthu oonera imfa ngati mpira, koma nawenso wowerenga umapezeka ukuwerenga kuti atsala angati.

Malume: Pamenepo ndiye pandidetsa nkhawa mphwanga. Iweyo ukanakhala kholo ukanatani?

Ine: Wa Fomu 3 ndikanamupatsa malume, bola tiziwerenga limodzi. Ndidzakhala kwa agogo masabata awiri, madzulo tikatha kutsuka mbale tizidzakambirana. Koma kamnyamata ka Sitandade 6 kaja ayi, kadikire.

Amayi aang'ono (Joni): Kuno ndaona akugulitsa atatu pamodzi.

Ine: Ena awiriwo ndi Catching Fire la 2009 ndi Mockingjay la 2010. Mugule loyamba lokha amayi, tione kaye momwe alilandirire. Lachitatulo ndi lolemera kuposa onse.

Amayi: Nanga ang'onoang'ono? Asangoyang'ana anzawo.

Malume: Amenewo ndiwagulira a nthano za Chichewa ndikapita ku Lilongwe Loweruka. Aliyense aponye K5,000 pa foni yanga lisanafike Lachisanu. Ndipo achemwali, bukulo likafika lidzayambire m'manja mwanga, ndione ndekha za maerezo.

Amayi aang'ono (Joni): Chabwino achimwene. Ndiliika m'chikwama cham'manja. Ndani adzandichingamire kudepoti?